Akochi ndi Mtsikana wa Mapaipi

1

Ndiyambe ndi kupepesa, poti chaka chino ndazolowera. Ndapepesa kwa alamu anga, kwa ahedi, kwa ana anga obereka ndekha, ngakhale kwa mayi wina wosamudziwa amene anandiimitsa pamsika n'kundiuza kuti nkhani yanga inamukhumudwitsa kwambiri. Onsewa amadziwa kuti ndine mkazi wansanje amene ndinatsala pang'ono kugwetsa munthu wolemekezeka popanda chifukwa. Asiyeni adziwe zimenezo. Inu nokha ndikuuzani zimene zinachitikadi pachilumba paja, chifukwa simundidziwa ndipo simungandipeze.

Amuna anga ndi Akochi. Dzina lenileni ali nalo, koma linatha ntchito kalekale. Ngakhale malemu apongozi anga ankangoti Akochi. Moyo wawo wonse wa ntchito akhala akuphunzitsa ana kusambira pasukulu ina yapamwamba. Zikho zimene anawo anapambana zinadzaza kabati ya pabalaza, mpaka mbale zanga za alendo zinasamukira kunsi kwa bedi. Munthu wake ndi wamfupi, woyenda ngati kumbuyo kwake kukubwera gulu la oimba malipenga. Tirakisuti savula. Wezulo m'khosi sichoka. Ana athu anakula akudzutsidwa ndi wezulo, kuitanidwa kudzadya ndi wezulo. Ine ndemwe, tiyi akachedwa, ndinkamva kawiri kuchokera pabalaza: pii, pii!

Ine ndine telala. Ntchito yanga ndi kuyeza anthu, ndipo tepi sinama: anthu ambiri ndi aang'ono kuposa mmene amadzionera, kupatula m'chiuno.

Kusambira ndinkakudziwa ndili mtsikana. Kwathu kunali mtsinje, tinkauwoloka ngati masewera. Titangokwatirana, tsiku lina ndinalowa m'dziwe losambiramo la kusukulu kuja, kufuna kusangalatsa mwamuna. Iwo anaima m'mphepete, manja kumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Mayi, kumeneko si kusambira. Ameneyo ndi galu wogwera m'chitsime."

"Ndiye ndiphunzitseni."

"Dokotala sachita opaleshoni mkazi wake."

Kuyambira tsiku limenelo, madzi ndinkangokumana nawo kubafa.

2

Atapuma pantchito, ophunzira awo akale anawakonzera phwando. Kunabwera madokotala, a mabanki, ndi ena amene mimba zinakula mpaka kabudula wosambirira akawaona amathawa. Wapampando wawo, loya wa mawu ngati bingu, anaimirira n'kulengeza mphatso ziwiri.

Yoyamba: sukulu ikumanga dziwe latsopano, ndipo lidzatchedwa dzina la Akochi. Akochi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wangobwezeredwa chinthu chake chimene chinachedwa.

Yachiwiri: sabata yathunthu pachilumba cha pakati pa nyanja ya mchere, iwo ndi ine, hotela ya m'mphepete mwa madzi.

"Koma tili ndi pempho limodzi, Akochi," anatero loyayo. "Kumeneko anthu amasambira limodzi ndi nsomba, atavala magalasi ndi kapaipi kopumira. Mukatijambulire kakanema muli pakati pa nsombazo, nazonso zione mmene amasambirira eni ake. Tidzaonetsa tsiku lotsegulira dziwe."

Holo yonse inawomba m'manja. Akochi anatenga tambula ya madzi n'kumwa yonse osapumira. Ine ndinati ndi chimwemwe.

Tinakwera ndege. Titayandikira, anasuzumira pawindo, n'kuona buluu yekhayekha mbali zonse, kachilumba kathu kali ngati batani logwera pa nsalu.

"Madzi onsewa ndi a chiyani?" anafunsa mokwiya, ngati pali wina amene wasiya mpopi osatseka.

3

Malo aja, ndisaname, ndi okongola mopanda ulemu. Mchenga woyera ngati shuga, mitengo ya kokonati yoweramira kumadzi, nyanja yooneka mpaka pansi. Kuchipinda tinapeza thaulo atalipinda ngati mbalame n'kulikhazika pabedi. Akochi analiyang'ana mbali zonse n'kunena kuti khosi lake ndi lopindika molakwika. Pagombe alendo anali atagona mizeremizere, odzola mafuta, akutembenuka nthawi ndi nthawi kuti apse mofanana.

Kumapeto kwa gombe kunali kanyumba kobwereketsa magalasi a m'madzi, timapaipi, ndi nsapato zija zangati mapazi a bakha. Mwini ntchitoyo anali mtsikana wamtali, miyendo yoyambira m'khosi, womwetulira ngati amalipidwa pa dzino lililonse. Ndinamutcha Namapaipi tsiku lomwelo, ndisanakhale n'chifukwa chomudera.

Akochi anamuuza mbiri yawo yonse, kuyambira chikho choyamba.

"Ee, ndiye talandira katswiri!" anatero Namapaipi. "Mawa mukwere nafe boti, adadi, mukatitsogolere."

"Madzi salowedwa chilowelowe, mwana wanga. Amayamba awerengedwa."

Anayambadi kuwawerenga. Ankayenda m'mphepete atavala tirakisuti, dzuwa likuswa mtengo, manja kumbuyo. Bambo wina wonenepa amene ankadzisambirira yekha mwamtendere anaimbiridwa wezulo n'kuuzidwa kuti chigongono chake chikutsika. Ndikati, "Abambo, kanema uja?" yankho linali lokonzeka kale. Lero mafunde akubwera chammbali. Lero mchere wachuluka. Lero angodya kumene.

Kenako anayamba kusowa. Tikangomaliza chakudya cha m'mawa ankanyamula kachikwama n'kunena kuti akukathamanga. Ankabwera dzuwa lili pamutu, atasamba kale, akununkhira sopo amene si wa m'chipinda mwathu. Maso ofiira. Chakudya osachifuna, ati m'mimba mwadzaza. Ankangodzigwetsa pabedi n'kugona ngati wamenyedwa.

Tsiku lina ali m'tulo chomwecho ndinaona mikono yawo. Pamwamba pa chigongono panali mkombero wofiira, kumanja ndi kumanzere komwe, pamalo ofanana ndendende. Maso a telala saphonya zotere. Ndinati uyu wagwidwa ndi munthu, ndipo wogwirayo sanali kusewera.

Madzulo ake tikudutsa pa kanyumba kaja, ndinatsalira dala ngati ndikuchotsa mchenga mu nsapato. Ndinaona Akochi akuwerama pa kauntala, n'kulankhula ndi mawu amene sindinawamvepo, mawu opanda wezulo.

"Mawa nthawi yomweyo. Koma mayi asadziwe."

4

M'mawa mwake ndinawatsatira, nditavala chipewa chachikulu ngati cha munthu wopha njuchi. Sanalowere kothamangira. Anazungulira kuseri kwa hotela, kudutsa kochapira zovala, mpaka pa mpanda wina wautali wokhala ndi geti yolembedwa kuti malowa atsekedwa, akukonzedwa. Namapaipi anali pomwepo ndi kiyi. Akochi anayang'ana uku ndi uku, n'kumugwira dzanja. Amuna anga, amene dzanja langa analigwira komaliza patsiku la ukwati, ndipo naponso anachita kuuzidwa ndi wojambula.

Ndinatulutsa foni. Chithunzi chinatuluka bwino kuposa zithunzi zonse zimene ndinajambulapo m'moyo wanga. Geti inatsekedwa.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Munthu wanzeru akanagogoda. Ine ndinabwerera kuchipinda, n'kukhala pabedi pafupi ndi mbalame ya thaulo ija, n'kutumiza chithunzicho kwa achemwali awo a Akochi, alamu anga. Pansi pake ndinalemba kuti: Alamu, ndithandizeni nzeru, koma musauze munthu.

Alamu angawa kubanja timawatcha a Wailesi. Ndinkadziwa. Mkwiyo umangofuna khutu, susankha kuti khutulo lalumikizidwa ku chiyani.

Foni inalira ndisanaiike n'komwe pansi.

"Mlamu! Mayo ine! Mlongo wanga? Pa msinkhu umenewu?"

"Ndi zimene mukuonazo, alamu."

"Koma kamtsikanako n'kokongolatu. Eh. Magazi a bambo athu amenewo, sasowa. Iwe usalire. Ine pakamwa panga ndatseka ndi loko."

Tiyi amene ndinaitanitsa asanazizire, chithunzi chinali pa gulu la banja la pafoni. Mwana wathu wamkazi analemba kuti adadi asadzapondenso pakhomo pake. Wamwamuna anangofunsa kuti, "Adadi ake ati?" Amalume ena amene tinkaganiza kuti anamwalira anatulukira n'kuyamba kupereka malangizo. Kenako unafika uthenga wa loya uja, wautali, wodzaza ndi mawu oti "mwatsoka". Pomaliza anaimba ahedi eni ake.

"Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamo. Koma mumvetse, ino ndi sukulu ya ana. Makolo ayamba kale kufunsa. Nkhani ya dzina la dziwe tayamba taiimitsa mpaka timve bwinobwino."

Ndinayang'ana foni ija. Madzi akatayika sawoleka. Ndinati poti ndayatsa kale moto, bola ndikaone ndi maso anga chimene ndawotchera nyumba.

5

Geti inali yokhoma, koma mpanda unali ndi mpata kuseri kwa matanki a madzi. Ndinalowa chammbali, diresi n'kung'ambika m'chiuno. Ndisanaone kanthu, ndinamva mawu a amuna anga.

"Usandisiye! Iwe, ndati usandisiye!"

Ndinavula nsapato imodzi n'kuigwira m'manja. Ndinakhota pakona.

Linali dziwe la ana. Pakati pake panali chinjovu cha pulasitiki, chitamba chake ndiye potsetserekera. Madzi ake ofika m'mawondo. M'madzimo munali Akochi, atagona chafufumimba, kabudula wa maluwa, wezulo ili m'khosi. M'mikono yonse iwiri, pamwamba pa chigongono, anavala timabaluni tachikasu tojambulidwa abakha. Namapaipi anali atagwada pambali, dzanja limodzi lili kunsi kwa chibwano chawo, ngati mayi wosambitsa khanda. Miyendo ya Akochi inkamenya madzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, koma thupi silinkasuntha.

"Pumani, adadi, pumani. Sindikusiyani."

"Ndikupuma! Ndipo iwe," anatsamwa, n'kulavula madzi, "dzulo ndinakuona ukusambira. Mutu umaudzutsa msanga."

Namapaipi ndiye anayamba kundiona. Anachotsa dzanja ndi mantha, Akochi n'kumira m'madzi ofika m'mawondo. Anavuuka akukuwa, anagwira chitamba cha njovu, n'kuimirira. Tinayang'anana. Madzi ankatsika pamimba pawo. Abakha a m'mikono ankandimwetulira.

"Mayi," anatero, atakweza chifuwa, "ndikuyesa zipangizo."

"Abambo, kodi inu mumatha kusambira?"

Anayang'ana njovu ija. Kwinakwake mbalame inalira.

"Zimatengera kuti ukutanthauza chiyani ukati..."

"Satha, amami," anatero Namapaipi. "Koma akuyesetsa. Poyamba ankakana ngakhale kunyowetsa nkhope."

Ndinakhala pansi pa kampando ka ana, nsapato ikadali m'manja. Zaka zonse zija zinayamba kudutsa m'mutu mwanga chimodzichimodzi. Tirakisuti yosavulidwa. Khutu limene linkawawa nthawi zonse tikayandikira madzi. Chiphunzitso chawo chotchuka chakuti kochi akalowa m'madzi saona zolakwa za ana. Ndodo yaitali yokhala ndi ngowe imene ankayenda nayo m'mphepete mwa dziwe ngati ya bishopu. Ndi ine, galu wogwera m'chitsime.

6

Kuchipinda anandiuza zonse, atadzifunditsa thaulo, mbalame ija ataiphwasula.

Anali mphunzitsi wamasewera wongoyamba kumene pamene sukulu inamanga dziwe loyamba. Ahedi a nthawiyo anafunsa ngati alipo wodziwa kusambira. Aliyense anayang'ana pansi. Iwo anakweza dzanja, poganiza kuti aphunzira sabata yomweyo. M'malo mwake anawerenga mabuku. Chaka chomwecho ana anabwera ndi chikho.

"Ndiye ukanakhala iwe ukanatani? Munthu wa chikho angakapemphe ndani kuti amugwire chibwano?"

"Nanga mwana akanamira?"

"Palibe anamirapo." Apa mawu awo anatsika. "Ngakhale mmodzi. Makochi odziwa kusambira amacheza, amayang'ana mafoni. Ine maso anga sankachoka pamadzi, mayi. Ndinkawadziwa kuti ndi mdani."

Ndinatsala pang'ono kuwamvera chisoni. Kenako ndinakumbukira kuti nanenso ndili ndi changa choti ndiulule. Ndinawapatsa foni.

Anawerenga mauthenga onse, kuyambira a alamu mpaka a ahedi. Anabwerera pa chithunzi chija, n'kuchikulitsa ndi zala. Ndinkadikira kuti wezulo ilire. Koma ndinaona chinthu chachilendo: nkhope yawo ikuwala pang'onopang'ono.

"Ndiye anthu akukhulupirira? Kuti ine ndi mtsikana ameneyu?"

"Dziko lonse."

"Palibe amene akukayika?"

"Amalume anu akuti nawonso anali choncho."

Anakhala tsonga, n'kukonza thaulo paphewa ngati mkanjo wa mfumu.

"Asiyeni akhulupirire."

"Mwati bwanji?"

"Mayi, taganiza bwino. Wachimasomaso amakhululukidwa. Amapepesa, anthu amamunena mwezi umodzi, kenako azibambo anzake amayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Koma kochi wosatha kusambira? Ndikafa adzaseka pamaliro. Ana onse aja adzayang'ana mamendulo awo n'kumadzifunsa kuti anawapatsa ndani."

"Ndiye mwasankha kutchedwa wachiwerewere kusiyana n'kuti anthu adziwe za abakha?"

"Ndi chisankho chovuta, koma mtsogoleri amayenera kusankha."

"Nanga ine?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa funso la phunziro lina.

"Ine ndizikayenda m'tauni ngati mayi amene amuna ake anamusiya pa hotela n'kukalowa kumpanda ndi kamwana? Makasitomala azibwera kudzayezetsa madiresi amene sakuwafuna kuti angondiona nkhope? Mwana wanu wamkazi wakuletsani kale pakhomo pake. Mdzukulu mudzamuonera pa foni. Ndipo dziwe lanulo, kaya chibwenzi kaya abakha, dzina lanu silikhalapo."

Mawu oti dziwe ndi amene analowa. Mapewa anagwa. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, ndinaona amuna anga pa saizi yawo yeniyeni, ndipo inali yocheperapo ndi manambala awiri.

"Ndiye titani, mayi?"

Sanandifunsepo funso limeneli. Ndinalisiya kaye m'mwamba kuti ndilimve kukoma.

"Ndinena kuti ndinalakwitsa ndine. Kuti mtsikanayo ndi wojambula kanema wa hotela, mumakakonza naye za kujambula mwachinsinsi kuti mudzandidabwitse, ine nsanje n'kundipusitsa. Manyazi ndisenza ine. Koma bodza limeneli liyenera kukhala ndi miyendo. Kanemayo aoneke. Inu, m'nyanja, pakati pa nsomba."

Anayang'ana nyanja pawindo.

"Ndipo manyazi anga si aulere." Ndinatambasula dzanja. "Wezulo."

"Mayi, imeneyi ndi..."

"Wezulo, abambo."

Anaivula pang'onopang'ono ngati akuchotsa chiwalo. M'khosi munatsala mzere woyera.

7

Ndinapita kwa Namapaipi, n'kuyamba ndi kupepesa, kumene kunali kupepesa kwanga koyamba pa mndandanda wautali uja. Anaseka mpaka anagwira kauntala.

"Ine ndi adadi aja? Amami, chibwenzi changa chimanyamula injini ya boti paphewa."

"Chabwino. Tandiuza zoona: angayandame?"

"Amayandama akaiwala kuti ndi Akochi. Koma dzanja la munthu salisiya. Ndipo popanda jekete yoyandamitsa m'nyanja sindingawalole."

Jekete yoyandamitsa ndi chinthu cha mtundu wa lalanje chimene chimaoneka ngakhale uli m'ndege. Katswiri sangaoneke nacho pa kanema. Koma vuto la chovala ndi vuto la telala. Ndinapempha jekete yakale ndi malaya akuda osambirira, aja othina. Kochapira zovala anandibwereka singano, ulusi ndi sizasi. Ndinang'amba jekete ija, n'kutulutsa masiponji ake, n'kuwadula bwinobwino: awiri a pachifuwa, awiri a m'mapewa, lalitali la kumsana. Ndinawasokerera mkati mwa malaya, masana onse, nditakhala pakhonde, ena akumwa madzi a kokonati.

Akochi atavala anaima pagalasi nthawi yaitali. Chifuwa chinali cha mnyamata wonyamula zitsulo.

"Thupi silinathe ayi," anatero. "Limangofuna chovala cholidziwa."

Tsiku lomaliza tinakwera boti, ife awiri, Namapaipi ndi kamera yake yolowa m'madzi, ndi chibwenzi chake chonyamula injini chija chikuyendetsa. Tinaima pamalo pamene madzi ndi obiriwira, pansi pakuoneka miyala yangati maluwa.

"Ine ndigwira kamera," anatero Namapaipi. "Ndipo dzanja langa ndi lomaliza limene likufunika kuoneka pafupi ndi adadi. Ndiye awagwira ndani?"

Ndinali nditavula kale chitenje cha pagombe. Ndinavala magalasi, n'kuluma kapaipi, n'kudziponya.

Abale, thupi siliiwala. Madzi ananditenga ngati mnzanga wakale amene sanasunge mangawa. Ndinazungulira boti lonse, manja akupalasa pansi pa chibwano, miyendo ikumenya mmene inkamenyera kumtsinje kwathu. Nditadzutsa mutu, Akochi anali pa makwerero, akutsika ngati munthu wopita kukanyongedwa, chifuwa chatsopano chili patsogolo.

"Bwerani, abambo."

"Ndikuwerenga kaye..."

"Mwawerenga mokwanira. Lero ndi mayeso."

Analowa. Anagwira dzanja langa mpaka mafupa analira. Masiponji anagwira ntchito yake, munthu anayandama ngati chitsekerero cha botolo, koma maso ali tong'o m'magalasi, akupuma ngati pampu.

"Ikani nkhope m'madzi."

Anapukusa mutu.

"Ikani, apo ayi ndikusiyani."

Anaika.

Ndinayamba kukoka. Dzanja limodzi ndagwira mwamuna, linalo ndikupalasa. Pansi pathu panadutsa gulu la tinsomba tachikasu, tambirimbiri, tonse n'kutembenuka nthawi imodzi ngati tamva wezulo. Kenako nsomba ina yabuluu ya milomo ngati ya alamu anga. Ina yamizeremizere ngati nsalu ya matiresi inabwera mpaka pa magalasi a Akochi, n'kuwayang'ana, n'kupita osachita chidwi ndi zikho. Kamba wamkulu wam'madzi anadutsa chapansi, osafulumira, ngati nayenso anapuma pantchito.

Ndinamva dzanja lija likufewa. Zala zinamasuka, zinangotsala zitakola zanga. Miyendo yawo inasiya kulimbana ndi madzi. Munthu amene wakhala moyo wake wonse ataima m'mphepete, akukalipira madzi, anali atagona pamwamba pake phee ngati mwana pamsana.

Patapita nthawi anadzutsa mutu n'kulavula kapaipi. M'magalasi munali madzi, ndipo sindikuganiza kuti onse anali a m'nyanja.

"Mayi," anatero, "kuli dziko pansipa."

"Lilipo."

"Zaka zonsezi."

Tinayandama choncho, boti lili patali, dzanja m'dzanja. Ndinaganiza kuti mwina ukwati wathu wayambiranso. Kenako anatsokomola.

"Komabe miyendo yanuyo ikumwaza madzi kwambiri. Mukanamawongola maondo..."

Ndinatsegula dzanja.

Mmene anakuwira, nsomba zonse zinabalalika. Ndinawerenga mumtima pang'ono, osati mwankhanza, n'kuwagwiranso.

"Mumati maondo atani?"

"Ali bwino, mayi. Maondo ali bwino kwambiri."

8

Tsiku lotsegulira dziwe, kanema anaonetsedwa pa chinsalu chachikulu. Namapaipi ndi mwana wodziwa ntchito: ine sindikuonekamo ngakhale chikhadabo. Mukuoneka Akochi okha, chifuwa ngati chitseko, akuyenda pamwamba pa nsomba mosatekeseka, mkono umodzi atautambasulira kutsogolo mpaka kunja kwa chithunzi, miyendo ili phee.

"Taonani ana inu!" anakuwa kochi watsopano. "Sakumenya n'komwe madzi, koma akuyenda! Taonani mkonowo!"

Loya analira. Ndamva kuti ana a pasukulupo tsopano amaphunzitsidwa kutambasula mkono choncho, ndipo amadabwa kuti iwo sayenda.

Ine ndinaimirira pamaso pa anthu n'kupepesa chifukwa cha nsanje yanga. Ahedi anandigwira paphewa n'kunena kuti amayi timatero. Mwana wathu wamkazi anakumbatira bambo ake n'kundiyang'ana ine ngati ndaba nkhuku. Alamu anga okha ndi amene anakhumudwa kuti nkhaniyo inali yabodza, mpaka lero amandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Mlamu, ine ndiye sindinakhutire, pamene paja panali kanthu." Atapemphedwa kuti akhale oyamba kudumphira m'dziwe la dzina lawo, Akochi anagwira khutu, ndipo madokotala atatu, ophunzira awo akale, anathamanga kudzatsimikiza kuti khutulo lisanyowe.

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mumagona ndi anthu otchuka, ndili ndi mawu ochepa. Mukaona amuna anu akuzemba, akubwera atasamba, musathamangire kutumiza chithunzi kwa alamu. Yambani mwasuzumira kumpanda. Mwina ndi chibwenzi, inde, amuna ndi amuna. Koma mwinanso mukapeza munthu atavala abakha, akulimbana ndi chinthu chimene dziko lonse limaganiza kuti ndiye mwini wake. Chachiwirichi n'chovuta kuchikhululuka, chifukwa umazindikira kuti amene wakhala akukuseka zaka zonsezi ankakusirira.

Masiku ano Loweruka lililonse timakwera basi kupita ku tauni ina kumene sitidziwika, kuli dziwe la anthu wamba. Abakha tinawasiya. Akochi tsopano amawoloka m'lifupi okha, akumeza madzi pang'ono, ine ndili pambali. Kasambiridwe kawo, ndikuuzeni mwachinsinsi, ndi ka galu weniweni, ndipo anakaphunzira kwa ine.

Wezulo ndinaipachika pa makina anga osokera. Sindiigwiritsa ntchito mwachisawawa, ndine munthu wachifundo. Koma ikakwana nthawi ya tiyi, ndimaimba kawiri: pii, pii!

Akochi amabwera naye tiyiyo, ndi shuga womwe.